Lipoti la ulendo wokaona momwe anzathu amafufutira maimelo oopsa

Gulu lathu la ogwira ntchito za makompyuta linapita kukacheza ndi anzathu a ku bungwe lina lomwe maimelo ake onse amasungidwa pa Exchange Online, ntchito ya maimelo ya pa intaneti ya Microsoft. Chotitengera kumeneko ndi vuto lomwe tonse timalidziwa. Wakuba watumiza imelo yokhala ndi linki yobera mawu achinsinsi, yagwera m'mabokosi a antchito ambirimbiri, ndipo iwe ukufuna kuichotsa anthu asanaidine. Kulowa bokosi limodzilimodzi sungathe. Pamafunika PowerShell, pulogalamu yolemberamo malamulo a kompyuta, komanso chilolezo choyenera, ndipo chilolezocho n'chimene tinakakhalira pansi.

Mayi amene amayang'anira chitetezo cha makompyuta kumeneko sanafune kutichedwetsa ndi nkhambakamwa. Anaitana mnyamata wa mu ofesi yawo, yemwe akaunti yake ili ndi udindo waukulu ku Exchange admin center, tsamba loyendetsera Exchange. "Achimwene, tawaonetsani alendowa." Iye analumikiza ndi Connect-IPPSSession, n'kupanga kafukufuku ndi New-ComplianceSearch, kuuyendetsa ndi Start-ComplianceSearch, ndipo imelo yoyeserera inapezeka m'mabokosi onse. Atalemba New-ComplianceSearchAction n'kuwonjezera -Purge, mawu olamula kufufuta, sikirini inadzaza ndi malemba ofiira onena kuti Purge sakudziwika.

"Mwaonatu," anatero mayiwo. "Makina sakuuzani kuti mulibe chilolezo. Amangochita ngati mawuwo kulibe, ndiye munthu amatha tsiku lonse akufunafuna pomwe walakwitsa sipelo."

Apa m'pomwe ambiri a ife tinatsegukira maso. Kufufuza ndi kufufuta ndi zilolezo ziwiri zosiyana. Kuti munthu afufuze m'mabokosi a anzake amafunika udindo wa Compliance Search, womwe umapezeka m'gulu la eDiscovery Manager. Kuti afufute amafunika udindo wa Search And Purge, womwe umabwera ndi gulu la Organization Management la ku Microsoft Purview, tsamba la Microsoft loyang'anira chitetezo cha deta. Chosokoneza n'chakuti ku Exchange admin center kulinso gulu la dzina lomwelo, koma ndi magulu awiri osiyana. Mnyamata uja anali m'gulu la ku Exchange, osati la ku Purview. Ineyo ndimaona kuti kupatsa magulu awiri dzina limodzi ndi msampha womwe sunafunikire kutcheredwa, koma ndi mmene zilili.

Mmodzi wa akuluakulu a gulu lathu anafunsa za Search-Mailbox, lamulo lomwe analizolowera kalekale, lomwe linkafuna maudindo a Mailbox Search ndi Mailbox Import Export kuti -DeleteContent, mawu ake ofufutira, igwire ntchito. Anayankhidwa mwachidule kuti Microsoft inalichotsa pa Exchange Online, ndipo malangizo ambiri a pa intaneti omwe amalitchulabe ndi akale.

Anzathuwo sanalowetse anthu awo mu Organization Management, chifukwa gululo limanyamula mphamvu zina zambiri zosafunika pa ntchito imeneyi. Anapanga gulu lawolawo lokhala ndi Compliance Search ndi Search And Purge basi, ndipo muli anthu ochepa kwambiri. Wofufuza amaonetsa zotsatira kwa mnzake asanafufute, kuti atsimikize kuti mutu wa imelo, wotumiza ndi tsiku zikugwirizana. Anatichenjezanso kuti udindo watsopano sugwira ntchito pompopompo. Umafunika kudikira pang'ono, kutseka PowerShell n'kulumikizanso.

Tinakhalitsa pa kusiyana kwa njira ziwiri zofufutira, SoftDelete ndi HardDelete. Yoyambayo imaponya imelo mu Recoverable Items, foda ya maimelo ofufutidwa, momwe mwini bokosi angathe kuibwezanso yekha nthawi yosungira isanathe, yomwe nthawi zambiri ndi masiku 14 ndipo ingawonjezeredwe kufika pa 30. Yachiwiriyo imaibisa kwa mwini bokosi, sangaionenso. Komabe ngati bokosilo lili pa Litigation Hold, kutanthauza kuti maimelo ake akusungidwa chifukwa cha milandu, imeloyo imasungidwabe mkatikati ngakhale mutalamula bwanji. Ena a ife tinkaganiza kuti HardDelete ndiye mapeto a zonse, ayi ndithu.

Chinanso ndi malire. Lamulo la New-ComplianceSearchAction limachotsa maimelo 10 okha pa bokosi lililonse nthawi imodzi. Mnzathu wina anadandaula kuti n'zochepa. Mayi aja anaseka n'kunena kuti chida chimenechi ndi chozimitsira moto, osati chosesera mabokosi odzadza, ndipo wofuna kuchotsa maimelo akale agwiritse ntchito malamulo a nthawi yosungira. Ndinagwirizana nawo. Munthu akalakwitsa mawu ofufuzira, kuli bwino awononge maimelo 10 pa bokosi kusiyana ndi kukokolola zonse.

Pobwerera sitinamvane chimodzi. Ena akufuna kuti tonse a mu dipatimenti tikhale ndi Search And Purge, ponena kuti imelo yoopsa imatha kubwera usiku amene ali ndi chilolezo atazimitsa foni. Ena tikuti anthu awiri kapena atatu akukwana, bola pakhale ndondomeko ya amene ali pa ntchito sabata imeneyo. Chomwe tagwirizana n'chakuti pa msonkhano ukubwerawu aliyense abweretse mndandanda wa anthu amene ali mu Organization Management ya ku Purview kwawo, tione amene akufunikadi kukhalamo.