Kope langa la mawu a zomera: rhizanthous wandifufutitsa tsamba

Sabata yonseyi ndakakamira pa liwu limodzi, rhizanthous. Ndi la Chigiriki: rhiza ndi muzu, anthos ndi duwa. Limanena za chomera chotulutsa duwa kuchokera ku muzu. Ndinalilemba m'kope mwachangu, n'kuikapo jinja ngati chitsanzo, poti duwa lake limatumphuka m'dothi palokha, pambali pa mapesi a masamba.

Loweruka ndinafukula jinja wanga wa mumphika kuti ndimujambule, ndipo chitsanzo chija chinandikana. Chimene ndinkati muzu chili ndi mfundo, chilinso ndi maso ophukira. Muzu weniweni ulibe mfundo. Limeneli ndi tsinde loyenda pansi pa nthaka, akatswiri amati rhizome, ndipo mizu yake ndi tizingwe tija tolendewera kunsi. Ndinafufuta, koma mtima ukuwawa, chifukwa tsambalo ndinali nditalikongoletsa kale.

Chinanditonthoza ndi Rhizanthella gardneri, chomera cha m'banja la maluwa otchedwa orchid, cha ku Western Australia, chimene mlimi wina anachitulukira mu 1928. Amachita maluwa pansi pa nthaka, alibe masamba obiriwira, ndipo chakudya amachipeza kudzera mwa bowa wolumikizana ndi mizu ya chitsamba cha Melaleuca. Dzina lakelo limatanthauza "kaduwa ka ku muzu", chonsecho mizu alibe n'komwe! Ngati opereka mayina anatchula zimene maso anaona, ine ndine yani?

Rafflesia ndiye wandizunguza mutu kwambiri. Amakhala ngati ulusi m'kati mwa mpesa wa Tetrastigma, kenaka duwa lake lalikulu limaboola khungwa la muzu kapena la tsinde la mpesawo. Duwa lili pa muzu, inde, koma muzu wa eni ake. Hydnora africana nayenso amayamwa mizu ya Euphorbia, n'kutulutsa duwa lonunkha lokopa tizilombo. Awiriwa ndawatsegulira tsamba lawolawo, ndalemba pamwamba kuti "odyera pa mizu ya ena".

Mawu ena alowa popanda mkangano. Acaulescent ndi chomera chooneka ngati chilibe tsinde. Scape ndi phesi lopanda masamba lonyamula maluwa kuchokera pansi, ngati la anyezi. Cauliflory ndi maluwa omera pa thunthu, monga pa mtengo wa koko wopangira chokoleti. Geocarpy ndinkaisokoneza ndi geoflory: mtedza umachita duwa pamwamba, kenaka kamsonga kamaloza pansi kukabereka m'dothi, imeneyo ndi geocarpy. Geoflory ndi pamene duwa lenilenilo lili m'dothi, ngati Pinanga subterranea, kanjedza wa ku Borneo amene analembedwa m'mabuku a sayansi mu 2023.

Pansi pa rhizanthous ndawonjezera ndi pensulo kuti "kapena chongooneka choncho". Jinja ndamukwiriranso bwinobwino. Sabata yamawa ndifukula m'munsi mwa nthochi, ndione ngati nayonso ili ndi maso.