Kusaka Nyimbo za Mbalame ku Cape Maclear

Ndinanyamuka ku Blantyre mbandakucha mwezi wa Novembala, nditanyamula kamera, zoonera patali ndi kabuku kolembamo. Msewu wodzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi ndinautha pa tsiku limodzi, ndipo dzuwa litapendeka ndinali nditafika m'mudzi wa Chembe, ku Cape Maclear, mkati mwa Lake Malawi National Park, malo amene anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984.

Alendo ambiri amene amafika kumeneko amafuna kuona nsomba za mbuna ndi nkhwazi. Anyamata a mabwato amawatengera kufupi ndi chilumba cha Thumbi, amaimba likhweru ndi kuponya kansomba m'madzi, ndipo nkhwazi imatsika pamtengo kudzakakwatula makamera akulira. Inenso ndinapitako, ndipo chithunzicho ndi chokongola ndithu. Koma chimene chinandichotsa kunyumba ndi timbalame tating'ono toimba, timene sitiitanidwa ndi likhweru ndipo palibe amene amatitsatsa kwa alendo.

M'mawa mwake ndinadzuka tambala wachiwiri atangolira, ndi kukakhala pansi pa mtengo wa mlambe m'kanjira kopita ku Otter Point. Asodzi anali akubwerera ndi usipa, nyali zawo zikuzima imodziimodzi panyanja. Woyamba kuimba anali pumbwa, kenaka nthengu, imene inandisocheretsa kwa nthawi ndithu chifukwa imatha kutengera kulira kwa mbalame zina, moti ndinafunafuna mbalame zitatu m'tchire momwe munali imodzi yokha. Apa ndi pamene ndinaika kamera pamiyendo ndi kuyamba kumvetsera. Khutu likadziwa nthambi imene nyimbo ikuchokera, diso limatsatira mosavuta, ndipo mbalame yoimba kawirikawiri imabwereranso pa nthambi yomweyo munthu akakhala chete osagwedezeka.

Kujambula pagombe kuli ndi zovuta zake. Kuwala kofewa kumakhalapo kwa ola limodzi lokha dzuwa likangotuluka, pambuyo pake madzi ndi mchenga zimathobwa m'maso, ndipo mbalame yakuda ngati nthengu imaoneka ngati khala pachithunzi. Bambo wina wachikulire amene ankasoka ukonde wake pafupi anandiyang'ana kwa nthawi yaitali, kenaka anati, "Achimwene, khalani chofulatira dzuwa, ndipo muvule malaya oyerawo, zikukuonani patali." Ndinawamvera, ndipo zithunzi zanga zabwino zonse ndinazijambula pambuyo pa malangizo amenewo.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinakana kuchita. Ojambula ena amakonda kuliza nyimbo ya mbalame pafoni kuti mbalame ya m'deralo ituluke kudzathamangitsa mdani amene kulibe. M'nyengo yoswana ngati imeneyi, zimenezo zimatopetsa mbalame ndi kuichotsa pachisa, ndipo ine sindiona chithunzi chimene chingayenere mtengo wotere.

Pobwerera ndinaima pa migwalangwa ya kufupi ndi Mangochi, kumene ndinamva mbalame imene mabuku amaitcha Collared Palm Thrush ikuimba mawu okoma ngati chitoliro pakati pa masamba ouma. Ndinadikira maola awiri, ndipo ndinangojambula mchira wake wofiirira. Ndinafika ku Chilomoni usiku, ndipo kutacha pumbwa anali pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, phiri la Michiru likuonekera kumbuyo kwake. Ndinatenga kamera ndi kukhala pakhonde chofulatira dzuwa.