Sabata yosankha munthu wa mu labu

Lolemba abwana anandiunjikira mafomu a anthu olimbirana malo amodzi a PhD pa kafukufuku wa graphene, kansalu ka carbon kopyapyala ngati atomu imodzi. Ndimagwira ntchito pa yunivesite ina kuno ku Gauteng, ku South Africa, ndipo chaka chino andiika mu komiti yosankha.

Pafupifupi onse anakhoza bwino mayeso, choncho magiredi sanatithandize kwenikweni. Tinkafuna kudziwa makina amene munthu anagwirapo ndi manja ake. Wolemba kuti anayezapo zinthu pa XRD kapena Raman, makina ounikira kapangidwe ka m'kati mwa zinthu, n'kufotokoza zimene anapeza, fomu yake inkakwera pamwamba. Ana akwathu amagwera pamenepa. Mnyamata wina wa ku Zomba chemistry amaidziwa ndithu, koma makinawa anangowaona m'mabuku. Ndinamulankhulira mpaka analowa m'gulu la okafunsidwa mafunso.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndinali mu labu, kupanga graphene oxide, yomwe ndi graphene yolumikizana ndi okosijeni. Timatenga graphite, yomwe ija ya mu pensulo, n'kuisakaniza ndi sulphuric acid, kenako kuthiramo potassium permanganate pang'onopang'ono botolo lili m'madzi oundana, chifukwa ukapupuluma zimatentha moopsa. Chotsatira ndi kutsuka, kutsukanso, mpaka asidi atatha. Anthu akamva kuti Andre Geim ndi Konstantin Novoselov anasenda graphene ndi selotepi ku Manchester mu 2004, n'kulandira mphotho ya Nobel mu 2010, amayesa ntchitoyi ndi yamasewera. Chonsecho nthawi yambiri umathera kutsuka ndi kudikira mpata pa maikulosikopu yamphamvu kwambiri yotchedwa TEM, poti zimene timapanga maso saona: timaziyeza mu mananomita, ndipo milimita imodzi muli mananomita 1,000,000. Ndikamayeza ufa wakudawu mtima umathawira ku Kasiya, ku Lilongwe, kumene m'nthaka muli miyala ya graphite ndi rutile, koma ife kuno timachita kuitanitsa wa m'botolo.

Lachinayi kunali mafunso pa Zoom. Funso lathu lalikulu linali lakuti: zimene ukuyeza zikakana kutuluka, umayambira pati kufufuza? Mtsikana wina wa ku Limpopo, amene anagwirapo ntchito mu labu ya fakitale ya penti, anayankha mosajejema, ndipo malowo anatenga ndi iyeyo. Sindinatsutse, anayeneradi.

Lachisanu lonse linapita ndi kalata yopempha ndalama ku NRF, bungwe la boma lopereka ndalama za kafukufuku. Kontirakiti yanganso ndi ya zaka zochepa, monga zilili ntchito zambiri za kafukufuku, ndiye ndalama zikaphwa timayamba kusuzumira ntchito zimene alengeza mabungwe a kafukufuku monga CSIR ku Pretoria kapena Mintek ku Randburg.

Madzulo ndinamulembera wa ku Zomba uja. Ndinamuuza kuti ayambe wafunafuna digiri ya masters pamalo pomwe pali makina, ngakhale malipiro ake akhale ochepa, komanso atumiziretu masatifiketi ake ku SAQA, bungwe la kuno loona za masatifiketi a maphunziro, chifukwa mapepala akunja amayenera kuunikidwa kumeneko. Wayankha kuti afunsiranso chaka chamawa.