Mapasipoti awiri m'chikwama, koma ku Joni ndinayenera kupempha malo

Bambo anga anapita ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya m'migodi, ine ndisanayambe sukulu, ndipo anabwerako patatha zaka ziwiri ali ndi njinga, mabulangete ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka tsiku limene tinawaika m'manda kwathu ku Ntcheu. Pamene ndege yonyamula anthu a m'migodi inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, mu 1974, ndipo Dr Kamuzu Banda analetsa zolemba Amalawi ntchito ya m'migodi, bambo anali atasiya kale maulendowo, koma ankanena kawirikawiri kuti dziko lija limafuna mphamvu za munthu, ndipo mphamvuzo zikatha limamubweza kwawo. Mawu amenewa anandibwerera m'maganizo chaka chatha, pamene ine mwana wawo, nditapuma pa ntchito ya unamwino ku England, ndinayamba kupempha chilolezo choti ndikakhale ku South Africa pafupi ndi mwana wanga wamkazi ndi zidzukulu zanga zitatu.

Ndinapita ku Britain mu 2002, nthawi imene anamwino ambiri a ku Malawi ankachoka, ndipo patapita zaka ndinatenga unzika wa kumeneko. Pa nthawiyo lamulo la unzika la Malawi, la chaka cha 1966, silinkalola munthu wamkulu kukhala nzika ya mayiko awiri, choncho potenga unzika wa Britain ndinataya wa dziko limene ndinabadwira. Nyumba ya Malamulo inasintha lamuloli kumapeto kwa 2018, ndipo ndondomeko yake itayamba kugwira ntchito ndinapempha kuti andibwezere unzika wanga. Tsiku limene ndinalandira pasipoti ya Malawi ndinamva ngati mtchona amene abale ake amulandiranso pakhomo. Ndinkaganiza kuti ndi mapasipoti awiriwa, imodzi ya dziko la m'bungwe la SADC ndi ina ya dziko limene nzika zake zimalowa m'mayiko ambiri popanda chovuta, kukakhala ku Johannesburg kudzakhala nkhani yongogula tikiti.

Mwana wanga ndiye anandiwongolera. Anandiuza pa foni kuti, "Amayi, mapasipoti anuwo akulolani kubwera kudzationa, koma sakulolani kukhala." Ankanena zoona. Nzika ya Malawi imalowa ku South Africa popanda visa kwa masiku 30, nzika ya Britain kwa masiku 90, ndipo onse awiriwa amakhala alendo odzacheza. Munthu akapitirira masiku amene anapatsidwa amalembedwa kuti ndi wosafunika m'dzikomo: akapitirira ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowa kwa chaka chimodzi, ndipo akapitirira ndi masiku oposa 30 amaletsedwa kwa zaka zisanu. Ndamvapo anthu akulangizana kuti munthu wa mapasipoti awiri atha kulowa ndi imodzi, masiku akatha n'kutuluka pang'ono, n'kubwereranso ndi inzake. Ine sindigwirizana nawo malangizo amenewa. Lamulo limawerengera munthu masiku, osati kabuku, ndipo mayi wa msinkhu wanga sangamange ukalamba wake pa chinthu chimene wogwira ntchito mmodzi wa pachipata angachigwetse m'mawa umodzi.

Njira yoyenera inali visa ya anthu opuma pa ntchito, imene ili m'gawo 20 la lamulo la South Africa loona za olowa ndi kutuluka m'dziko, la chaka cha 2002. Visa imeneyi imaperekedwa kwa nthawi yosaposa zaka zinayi ndipo munthu atha kuionjezera. Chimene chinandidabwitsa ndi chakuti mtima wa pempho lonse ndi ndalama. Boma limafuna umboni woti wopemphayo amalandira R37,000 mwezi uliwonse kuchokera ku penshoni, kapena ku chuma chimene chimabala ndalama zofika pamenepo. Mlingo umenewu unakhazikitsidwa mu 2014. Safunsa kuti uli ndi zidzukulu zingati, kapena kuti bambo ako anasiya thanzi lawo m'migodi ya golide. Amafuna kudziwa ngati udzadzidyetsa wekha.

Apa ndi pamene ndinakhala pansi ndi cholembera kwa masabata angapo, ndipo ndikupempha anzanga amene tinapita limodzi ku Britain kuti amvetsere bwino. Penshoni ya boma la Britain imafuna kuti munthu akhale atapereka ndalama za National Insurance, zimene boma limadula pa malipiro, kwa zaka 35 kuti alandire yonse, ndipo amene sanakwanitse zaka 10 salandira kanthu. M'chaka cha ndalama cha 2025 mpaka 2026 penshoni yonseyo inali £230.25 pa sabata, ndalama imene ukaisintha kukhala marandi siyifika pa R37,000 pamwezi. Ine ndinafika m'dzikomo ndili kale ndi zaka zoposa 40, ndipo pofika zaka 66, msinkhu umene ndinayamba kulandira penshoniyi, ndinali nditapereka kwa zaka 22 zokha. Ambiri a ife tinapita titakula kale, titagwira ntchito zaka zambiri m'zipatala za kwathu, ndipo zaka za kwathuzo sizilowa m'chiwerengero cha ku Britain. Nditaphatikiza penshoni ya boma ndi ya kuntchito ndinayandikira mlingowo koma sindinaufikire bwinobwino, choncho ndinaganiza zosagulitsa kanyumba kanga, koma kuikamo munthu wa lendi, kuti pangano la lendi ndi makalata a kubanki zikhale mbali ya umboni wanga.

Pali chinthu china chimene chinandipweteka kwambiri nditachimvetsa. Penshoni ya boma la Britain imakwera chaka chilichonse m'mwezi wa Epulo kwa anthu okhala m'dzikomo, ndiponso kwa okhala m'mayiko a European Union, ku United States, ku Jamaica, ku Mauritius, ku Philippines ndi m'mayiko ena amene anapangana ndi Britain. Koma munthu akasamukira ku South Africa, ku Malawi, ku Zambia, ku Canada kapena ku Australia, penshoni yake imaima pa mlingo umene inali pa nthawi yosamukayo, ndipo siyikweranso nthawi yonse imene akukhala kumeneko. Akabwera ku Britain kudzacheza amatha kulandira mlingo watsopano kwa masiku amene ali m'dzikomo, ndipo akabwerera ndalamayo imatsikanso. Ndikuona kuti zimenezi si chilungamo. Namwino amene anagwira ntchito usiku ndi usana pamodzi ndi ine, akasankha kukakalambira ku Spain, penshoni yake imakwera, pamene ine amene ndasankha kukakhala ndi zidzukulu zanga ku Africa, yanga imaima, chonsecho tinkadulidwa ndalama zofanana pa malipiro athu. Kukhala nzika ya Britain sikusintha kanthu pa nkhani imeneyi, chifukwa lamulolo limayang'ana kumene munthu akukhala. Penshoni yanga ya kuntchito imapitiriza kukwera kulikonse kumene ndili, ndipo ndi imene inandilimbitsa mtima. Ngakhale zili choncho, mlingo wa visa uli m'marandi pamene ndalama zanga zimabwera m'mapaundi, kotero kuti mphamvu ya ndalama ziwirizi ikasintha, munthu amene anakwanira lero atha kupezeka woperewera pa tsiku lokaonjezera visa.

Kenaka panabwera funso limene limakhudza ife a unzika uwiri tokha, loti ndipemphe ndi pasipoti iti. Visa imamatidwa m'pasipoti imodzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo boma la South Africa limakudziwa monga nzika ya dziko limenelo. Mtima wanga unkafuna ya Malawi, chifukwa ndinali nditaidikira zaka zambiri, ndipo zinkandivuta kuganiza zolowa m'dziko la m'chigawo chathu chomwe monga mayi wochokera ku Ulaya. Koma nditayala mapepala onse patebulo ndinaona kuti akuloza mbali imodzi. Makalata a penshoni, a kubanki, a msonkho, a dokotala ndi a apolisi onse anali a ku Britain, ndipo pempho loyamba limaperekedwa kunja kwa South Africa, m'dziko limene munthu amakhala kapena limene ndi nzika yake, popeza kuyambira 2014 mlendo wolowa ndi chilolezo chocheza saloledwa kuchisintha ali m'dzikomo, kupatula pa zifukwa zochepa zapadera. Ndinasankha pasipoti ya Britain, ndipo ndinakapereka pempho langa ku London kudzera ku VFS Global, kampani imene imalandira mapepala m'malo mwa boma.

Sindinganame kuti chisankhochi chinandisiya ndi mtendere wonse. Ndimakumbukira mabasi amene anabweza Amalawi kwawo mu 2015, atathawa ziwawa zochitira anthu obwera ku Durban ndi madera ena, ndipo ndimadziwa kuti anyamata a kwathu ambiri amagwira ntchito za m'minda ya maluwa ndi m'nyumba za anthu ku Johannesburg ndi ku Cape Town ali ndi mantha tsiku ndi tsiku chifukwa cha mapepala. Ine ndi iwo timalankhula chinenero chimodzi ndipo timadya nsima imodzi, koma pachipata amatilandira mosiyana. Chimene chimatisiyanitsa ndi penshoni ya m'mapaundi ndi chikuto cha kabuku, ndipo sindikufuna kuiwala zimenezi ndikamadutsa pa bwalo la ndege la OR Tambo popanda wondifunsa zambiri.

Vuto limene linandidyera nthawi yambiri linali la dzina. Pasipoti yanga ya Britain ili m'dzina la malemu amuna anga, pamene zikalata zanga zakale za ku Malawi, kuyambira za kusukulu mpaka za ku sukulu ya unamwino, zili m'dzina la bambo anga. Palibe amene analakwitsa, ndi mmene moyo wa mayi wa m'badwo wathu umayendera. Koma fomu yofunsira visa imafunsa za mayina akale ndi za unzika wina, ndipo munthu ayenera kuyankha zoona, n'kukhala ndi chikalata cholumikiza mayinawo. Kwa ine chinali chikalata cha ukwati, chimene mng'ono wanga anachipeza m'sutikesi yakale kumudzi, pamodzi ndi chikalata cha imfa ya amuna anga. Ofesi yopereka mapasipoti ku Britain nayonso imafuna kuti munthu wa unzika uwiri azigwiritsa ntchito dzina limodzi pa mapasipoti ake onse, choncho aliyense amene akubwezeretsa unzika wa Malawi aonetsetse kuyambira pachiyambi kuti dzina, kalembedwe kake ndi tsiku lobadwa zikufanana mbali zonse.

Zotsalazo zinayenda mwachangu. Kalata ya apolisi ndinaitenga ku ACRO, ofesi ya apolisi a ku Britain yosunga mbiri ya milandu, ndipo popeza kuyambira 2023 amafuna makalata a mayiko amene munthu wakhalamo m'zaka zisanu zapitazo, sindinafunikire ya ku Malawi. Kalata ya dokotala ndi ya apolisi siziyenera kupitirira miyezi isanu ndi umodzi, choncho ndinazitenga pomalizira, zina zonse zitakonzeka.

Za chipatala ndiyenera kuzinena, chifukwa ndine namwino ndipo ndikudziwa mmene thupi limasinthira munthu akadutsa zaka 65. Chithandizo chaulere cha NHS, zipatala za boma la Britain, chimaperekedwa kwa munthu amene amakhala ku Britain, osati kwa aliyense amene ali ndi pasipoti ya kumeneko, kotero kuti posamuka ndinasiya ufulu umenewo. Ku South Africa, mabungwe a inshulansi ya chipatala amaloledwa ndi lamulo kuonjezera malipiro kwa munthu amene walowa atapitirira zaka 35 asanakhalepo membala m'dzikomo, ndipo chionjezerocho chimatha kufika 75 peresenti. Amathanso kumudikiritsa miyezi itatu asanayambe kumulipirira, kapena miyezi 12 pa matenda amene anabwera nawo. Ine ndili ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, ndipo ndalama imeneyi ndi imene imatenga gawo lalikulu la penshoni yanga mwezi uliwonse, kuposa chakudya.

Unzika uwiri unandithandiza m'njira imene sindinaiganizire poyamba. Mnzanga wina amene sanatenge unzika wa Britain, koma ali ndi chilolezo chokhala kumeneko mpaka kalekale, sangachoke kwa zaka zoposa ziwiri popanda chilolezocho kutha mphamvu, pamene ine nditha kubwerera tsiku lililonse thanzi kapena ndalama zikandikakamiza. Chimodzimodzinso kwathu: visa ya ku South Africa ikadzatha osaonjezeredwa, sindidzafunika kupempha aliyense kuti ndikakhale ku Ntcheu. Lamulo lija la South Africa la olowa ndi kutuluka lili ndi njira, m'gawo 27, yoti wopuma pa ntchito amene penshoni yake ndi ya moyo wonse apemphe kukhala m'dzikomo mpaka kalekale, ndipo mwana wanga akundikakamiza kuti ndiyambe msanga. Ndamuuza kuti tidikire kaye ndione chaka chimodzi chathunthu, ndi kuzizira kwa mu June komwe.

Tsopano ndikukhala m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yawo, ndipo masana ndimakatenga mdzukulu wanga wamng'ono kusukulu. Iye amalankhula Chingerezi ndi Chizulu, ndipo Chichewa amangochimva pang'ono, choncho tikamayenda ndimamuphunzitsa mayina a zinthu zimene tikuona m'njira. Pasipoti ya Britain, imene muli visa, ili m'kabati. Ya Malawi ndidzaitulutsa mu Ogasiti, pokatsika pa bwalo la ndege la ku Chileka, chifukwa abale tagwirizana zokamanga chiliza pa manda a bambo, ndipo ndapempha makolo ake kuti mdzukuluyo ndipite naye.