Timasamba ta minti ta ku Chouara

Ana agona kale, mapazi ndawaviika m'beseni la madzi ofunda, koma funso la mzime wanga likukanabe kuchoka m'mutu. Ndilembe kaye, mwina tulo tibwera.

Za m'sitima ndisataye nazo nthawi. Chofunika kudziwa n'chakuti matakisi ang'onoang'ono ofiira a mumzinda wa Fes, ku Morocco kuno, amanyamula anthu atatu basi. Wachinayi, ngakhale akhale mwana woti amuike pamiyendo, dalaivala amakana chifukwa ndi lamulo. Ife tinalipo asanu pamodzi ndi apongozi, ndiye tinagawikana m'matakisi awiri. Mukatero, gwirizanani dzina la chipata musanakwere, chifukwa mzinda wakalewu, Fes el-Bali, uli ndi zipata zambiri, ndipo mukangoti "medina" wina akakutulani kwina, anzanu kwina. Nenani kuti Bab Boujloud, ndipo onetsetsani kuti wayatsa mita.

Chipata chimenechi ndi cha 1913, chakhanda poyerekeza ndi zomwe zili m'kati mwake. Kunja chili ndi matailosi a buluu, m'kati obiriwira. Ubwino wake n'ngoti chili kumtunda. Mzindawu uli ngati mbale, ndiye mukalowera apa n'kutsata Talaa Kebira mumangotsetsereka mpaka kunsi, n'kukatulukira pa R'cif pomwe pali matakisi. Olowera kunsi amakwera chitunda tsiku lonse, ndipo ngati muli ndi munthu wamkulu wa maondo ngati a apongozi anga, ulendo umathera pamenepo. Kangolo kokankhira mwana musiye kunyumba, mbereko ndiyo imagwira ntchito kuno. Galimoto silowa. Katundu amayenda pa abulu ndi nyulu, ndipo mukamva mawu oti "Balak!" kumbuyo kwanu musacheuke n'komwe, ingokokani mwana n'kumata kukhoma.

Tinali titatuluka mu Bou Inania, sukulu ya chipembedzo imene mfumu Abu Inan inamangitsa m'zaka za m'ma 1350, ndipo tinali titaima kutsidya kwake kuyang'ana matabwa otsala a wotchi yakale yoyendera madzi ya Dar al-Magana. Kenako panabwera mnyamata wina. Sindikumbuka kuti anatipeza pamenepo kapena kunsi pang'ono, pafupi ndi ogulitsa zonunkhiritsa ndiwo. Anangopezeka akuyenda pambali pa bambo a ana, jekete lakuda, Chingerezi chake chosalala.

"Kutsogoloku kwatsekedwa, ndi nthawi ya mapemphero. Bwerani ndikuonetseni njira ina. Ine si wolondolera alendo, ndalama sindifuna, ndimangokhala konkuno."

Njira sinatsekedwe. Sitsekedwa chifukwa cha mapemphero. Chimene chilipo n'chakuti mu mzikiti wa al-Qarawiyyin, umene Fatima al-Fihri anayambitsa mu 859, munthu amene si Msilamu salowa, amangosuzumira pakhomo n'kuona mizati ndi mikeka. Komanso Lachisanu masana masitolo ambiri amatseka. Koma lero silinali Lachisanu. Ndinawagwira pamkono bambo a ana.

"Bambo, tiyeni tizingotsata njira yaikuluyi."

"Amayi, munthu wanena yekha kuti ndalama sakufuna. Nanga tim'kane ngati wakuba?"

Apa m'pamene pamavuta. Ife tinaleredwa kuti munthu akakupatsa moni n'kukulozera njira, sum'pezera nkhope youma. Anyamatawa amadziwa zimenezi za alendo onse. Olondolera enieni amavala chiphaso cha boma pachifuwa ndipo mtengo mumagwirizana musanayambe kuyenda. Ena onsewa, mawu ake ndi awiri, "La, shukran", kutanthauza "ayi, zikomo", n'kumayendabe osachepetsa liwiro. Ukaima kuti ufotokoze, wagwidwa. Ife tinaima.

Anatikhotetsa kasanu kapena kasanu n'kamodzi m'tinjira toti anthu awiri sangaphonyane osakhudzana. Foni inasokonezeka, kadontho kosonyeza pomwe tili kamangodumphadumpha, makoma ndi aatali kwambiri. Ndinaphunzira mochedwa kuti zikwangwani za mayina a tinjirati zimalankhula: cha makona anayi ndiye kuti njirayo imatulukira kwina, cha makona asanu ndi limodzi ndiye kuti imathera pakhomo la munthu. Fungo linatipeza tisanaone chilichonse. Kenako kakhomo, masitepe opapatiza ozungulira, zipinda zitatu zodzaza zikwama ndi nsapato, ndipo pamwamba pake bambo wachikulire akugawira aliyense kanthambi ka minti koika pamphuno.

Pansi pake panali Chouara, malo ofufutira zikopa.

Ndakwiya ndi mnyamata uja, koma ndisaname, malowa ndi oyenera kuwaona. Maenje ozungulira omangidwa ndi miyala, ambirimbiri, ogundana ngati zisa za njuchi. Mbali imodzi ndi oyera, mbali inayo ofiirira ndi a mitundu ina. Bambo wachikulireyo anafotokoza bwino, ndipo zinagwirizana ndi zomwe maso amaona. Zikopa za mbuzi, nkhosa, ng'ombe ndi ngamila zimabwera pa abulu. Zimayamba kuviikidwa m'maenje oyerawo, mmene muli madzi a laimu ndi mchere, kwa masiku angapo kuti ubweya ndi mafuta zisiyane ndi chikopa. Akazivuula amazipala ndi mpeni wokhota. Kenako zimalowa m'madzi osakaniza ndi zitosi za nkhunda, ndipo fungo lalikulu limachokera pamenepo. Zitosizo ndizo zimafewetsa chikopa, koma sizigwira ntchito zokha, munthu amalowa m'dzenjemo n'kumaponda ndi mapazi kwa maola. Akatsuka ndiye zimapita ku utoto. Ogulitsa amatchula henna, indigo, maluwa a popi ndi safuroni, ngakhale ine ndikukayika ngati zonse zimene zili m'maenjemo lero ndi za kumunda. Zachikasu, zopangira nsapato zosongoka zotchedwa babouche, anati amazipaka pamanja, ndipo zinali zitayanikidwa padenga loyandikana nalo. Nthawi yabwino yobwera ndi m'mawa, ntchito ili m'kati ndipo dzuwa lisanawiritse fungo.

Mzime anali atakwera pa kamwala kuti aone bwino. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anayang'anitsitsa bambo wina amene anali m'dzenje mpaka m'ntchafu, kabudula yekha, miyendo yofiira ngati wathira magazi, akukoka chikopa cholemera ndi manja onse awiri. Ndiye anachotsa minti pamphuno.

"Amayi, nanga iwo aja timasamba tawo tili kuti?"

Apongozi anaseka. Bambo a ana anamasulira funsolo kwa mwini sitolo, nayenso anaseka, n'kunena kuti anazolowera, kuti ambiri ntchitoyi anaiphunzira kwa abambo awo ndipo mphuno zawo sizimvanso kanthu. Mwina n'zoona. Komabe ena anali ndi nsapato za jombo zofika m'chiuno, ena alibe, ndipo laimu aliyense amene anapakapo nyumba akudziwa zimene amachita pakhungu. Mwanayo sanabwezerenso minti pamphuno. Anaiika m'thumba la diresi.

Ndiye tinatsikira m'chipinda cha zikwama, chifukwa kutsika kwake ndi komweko, ndipo khonde lija si laulere ngakhale amati ndi laulere. Ngati simugula, mupatseni wa pakhomo madirihamu 10 kapena 20 n'kumapita. Ngati mukugula, musatengeke ndi zoyatsa laita pachikopa, amachita zimenezo pa chilichonse. Nyowetsani kansalu koyera mupukute pakona pobisika: utoto ukatsalira pansalu, udzatsaliranso pa malaya anu mvula ikagwa. Nunkhizani m'kati mwa chikwama, osati kunja. Chikopa chimene sichinatsukidwe bwino chimabweza fungo la nkhunda chikangomva chinyontho, ndipo silichoka. Tsegulani zipi katatu, kokani pomwe lamba walumikizana ndi chikwama, onani ngati pasokedwa kawiri. Cha mbuzi chimakhala chofewa ndi chopepuka, cha ng'ombe chokhuthala.

Apongozi anakonda chikwama chofiira. Mwini sitolo anati 900. Kunenerera ndimakudziwa, ndinayambira pa 300, iye anagwira pamtima, ine ndinayang'ana kukhomo, anandiitana, tinakumana pa 450. Ndinamva kukoma kwa kupambana kwa kamphindi, mpaka ndinaona kuti kufiira kwa chikwamacho ndi komwe kuja kwa pa miyendo ya bambo wa m'dzenje. Ndalama zimene ndinadulazo, kodi zinachoka m'thumba la yani? Mwini sitolo sanaoneke ngati munthu woti waluza. Mnyamata wa jekete, amene tinam'peza akudikira pansi pa masitepe, naye gawo lake linali kale mu mtengowo, chifukwa obweretsa alendo amalandira kenakake ku sitolo.

Ndipo anatambasulabe dzanja.

"Mwaiwala m'bale wanu? Ndakuyendetsani mtunda wonsewu."

"Achimwene, si munati ndalama simukufuna?"

Anati 100. Bambo a ana anam'patsa 20, iye anayang'ana pepalalo ngati lam'tukwana, n'kusowa pakona. Kutibweza pomwe anatitenga, ayi. Tinafunsa njira kwa bambo wina wokhala m'sitolo yake, ndipo ndi mmene muyenera kuchitira, funsani munthu amene sangasiye katundu wake n'kukutsatirani. Anatiuza kuti titsate phokoso la nyundo. Zoonadi, linatifikitsa pa Seffarine, pomwe amasula miphika ya mkuwa, ndipo kuchoka apo R'cif ndi pafupi.

Sukulu ina ya chipembedzo ya Al-Attarine, ya m'ma 1320, imene ndinkafunitsitsa kuti mwana wanga wamkulu aone matailosi ake, sitinaione. Nyumba ya zosemasema ya Nejjarine ayinso. Maondo a apongozi anali atatha, ana anjala, tinangokhala penapake n'kudya bissara, msuzi wokhuthala wa nyemba wothira mafuta a olivi ndi chitowe, ndi buledi wotentha. Wotchipa, wokhutitsa, ana anamaliza mbale zawo. Kodi imeneyi inali 2 koloko kapena 3? Kunadutsa kamnyamata katasenza thabwa la mikate yosaphika kupita nayo ku uvuni wa onse wa m'deralo, ndipo mzime sanayang'ane n'komwe, chonsecho zoterezi ndiye amazikonda.

Chimene chikundinyansa sindikuchidziwa bwino. Mnyamata uja wandipsetsa mtima, inde, koma mkwiyo umenewo ukutha kale. Mwina ndi momwe tinaimira pakhonde paja, asanu m'ndandanda, aliyense kamtengo kake pamphuno, foni m'mwamba, pansi anthu ali pantchito. Sanatiyang'ane ngakhale kamodzi.

Pomuvula diresi madzulo ano ndapeza timasamba tija m'thumba, tofota. Ndimati nditaye, iye ali m'tulo wati ndisataye. Ndatiika pawindo. Chikwama cha apongozi chili pampando apo, ndipo chipinda chonse chayamba kumveka kafungo kake.