Golide wa m'makompyuta akufa

Anzanga, lero ndaona golide wanga woyamba. Musathamangire kudzabwereka ndalama, ndi wochepa moti nditayetsemula pafupi akhoza kuuluka yense!

Kwa miyezi itatu ndakhala ndikutolera ma RAM (timabodi tating'ono tothandiza kompyuta kukumbukira zomwe ikuchita) a makompyuta akufa, n'kumadula timizere tachikasu tam'mphepete tija. Golide ali pamenepo, koma ndi wongokutira pamwamba, wopyapyala kuposa tsitsi, pansi pake pali kopa. Golideyu amamuikapo chifukwa sachita dzimbiri, ndiye magetsi amadutsa bwino zaka ndi zaka.

Tizidutswato ndinativiika mu asidi wa hydrochloric, n'kuthiramo hydrogen peroxide pang'ono. Asidiyu amadya kopa, golide n'kumusiya. Patatha sabata madzi anasanduka obiriwira, timapepala tagolide n'kuyamba kuyandama ngati mamba a usipa. Ndinakhala mphindi zingapo ndikungoyang'ana m'botolomo, pakamwa pali yasa. Ulendo woyamba ndinachulutsa peroxide chifukwa cha phuma, golide wina n'kusungunukira momwemo. Ndinatsala pang'ono kulira.

Zonsezi ndimachitira panja, nditavala magolovesi ndi magalasi, chifukwa mpweya wake umatsamwitsa. Madzi obiriwirawo sinditaya m'ngalande ayi. Ndimaponyamo zitsulo zakale, kopa n'kumadikha pansi ngati matope ofiira, ndipo ndi wambiri kuposa golide kutalitali.

Koma inu amene mumawotcha mabodi a m'kati mwa makompyuta pamoto, chonde lekani. Utsiwo ndi poizoni, ndipo mabodi akale ali ndi mtovu m'malo owotcherera.

Amene ali ndi kompyuta yakufa kuseri kwa kabati, asataye, andiuze ndidzatenge.