Mmene inshuwalansi inatikakamizira kugulitsa Mustang yathu

Bizinesi yathuyi tinaiyamba mu 2017 ine ndi achimwene anga, timabwereketsa magalimoto a masipoti, aja a zitseko ziwiri otsika pansi oti munthu wamtali amalowa chopindika. Poyamba sinali bizinesi nkomwe. Achimwene anali ndi Mazda MX-5 yawo yotsegula pamwamba, ndiye anzawo amangoibwereka weekend iliyonse nkudzaibweza mafuta atathamo, matayala akununkha. Tsiku lina ndinangoti achimwene, anthuwa bwanji azilipira, inu mukukonzetsa galimoto yoti akusangalala nayo ndi ena. Anaseka koma anavomera. Ine ndinatenga mabuku ndi foni, iwo zitsulo, ndipo mpaka lero ndi choncho, ine sindidziwa kusintha ngakhale oyilo koma ndifunseni za mapepala a inshuwalansi ndikuwerengerani pamtima ngati vesi.

Phunziro loyamba tinalipeza sabata yoyamba yomwe. Inshuwalansi ya munthu wamba siigwira ntchito ukayamba kubwereketsa galimoto polipiritsa, imafunika ina ya hayala, ndipo makampani ambiri akangomva mawu awiri pamodzi, hayala ndi sports car, amati pepani bwana ife zimenezo sitipanga. Tinazungulira ndithu mpaka tinapeza broker wina, munthu wosakira anthu inshuwalansi ku makampani osiyanasiyana, bambo wachikulire wodekha, amene anatipezera kampani yoti itilandire. Malamulo ake anali ambiri, wobwereka asachepere zaka 25, laisensi akhale nayo kwa zaka zingapo, galimoto isalowe mu bwalo la mpikisano, excess yokwera. Excess ndi ndalama ija umalipira wekha kaye pa ngozi iliyonse kampani isanaikepo yake. Tinasaina zonse mosangalala, mtengo wake nthawi imeneyo unali woti hayala ya ma weekend ochepa imaubweza.

Mu 2018 tinaonjezera Toyota GT86. Galimoto imeneyi ndimaikonda mpaka pano, Toyota anaipanga mogwirizana ndi Subaru nkuitulutsa mu 2012, injini yake ndi ya malita 2.0 basi, mphamvu ngati mahatchi 200, yochepa poyerekeza ndi zinzake. Koma imakoka ndi matayala akumbuyo ndipo anaiveka dala matayala opyapyala, mtundu womwe umaikidwanso pa Toyota Prius ina, galimoto wamba yosadya mafuta ambiri, kuti mbuyo izitsetsereka mosavuta pa kona. Kwa wodziwa kuyendetsa ndi chisangalalo, kwa wa inshuwalansi ndi mutu waching'alang'ala, chifukwa munthu wozolowera galimoto yokoka ndi kutsogolo akaponda moto pa kona mvula itagwa amangozindikira wayang'ana komwe wachokera.

Kenako mtima unakula. Makasitomala amangofunsa kuti ya phokoso mulibe? Ndiye kumapeto kwa 2019 tinatenga ngongole nkugula Ford Mustang ya 2018, ya injini yayikulu ya V8 malita 5.0, yofiira. Abale galimoto imeneyo inali ndi mwayi wa anthu. Ojambula makanema, ofuna kudabwitsa chibwenzi, madala oti anailota kuyambira ali anyamata, onse amafuna yomweyo. Achimwene amaipukuta okha, wantchito samaloledwa kuigwira ndi nsalu. Patangopita miyezi yochepa Covid inabwera, magalimoto atatu onse anaima mu galaja koma ngongole ndi inshuwalansi sizinaime. Tinapirira, zimenezo aliyense ali ndi nkhani yake.

Zomwe ndikufuna kunena zinachitika mu 2022. Kasitomala wina, bambo aulemu wawo osati mnyamata wothamanga ayi, amatuluka pamalo oimika magalimoto nkugunda kachipilala kakafupi ka konkire komwe sikamaoneka chifukwa boneti ya Mustang ndi yayitali. Liwiro lake loti woyenda pansi akanawapitirira. Anaimba foni mawu akunjenjemera, achimwene anapita kukaona nkubwera akuti aaa palibe nkhani, bampala yang'ambika pakona, nyali imodzi yasweka, fenda yapindika pang'ono, sabata imodzi ikhala pamsewu. Ine ndinaona zithunzi nkuvomereza, chibowo chake chinali choti ukhoza kuchiphimba ndi chikhatho.

Kotesheni itabwera ndinaganiza kuti alakwitsa aika ziro wina. Ndinapita ndekha ku galaja kukafunsa ndipo mkulu wa kumeneko anandikhazika pansi nkundilozera chimodzichimodzi. Nyali ija si babu yoti ugule usinthe, ndi ya LED yomatidwa yonse, ikasweka pakona umagula yathunthu. Kumunsi kwa bampala kuli radar, kachipangizo kamene kamayeza mtunda wa galimoto ili kutsogolo, ndipo ngakhale kasasweke kakangosuntha pang'ono kamafunika kukonzedwanso ndi kompyuta kuti kaziloza molondola, apo ayi galimoto ikhoza kumanga mabuleki yokha popanda chifukwa kapena osamanga pomwe pakufunika. Fenda ndi boneti ndi za aluminiyamu, sizimenyedwa ndi hamala ngati chitsulo wamba, zimafuna zida zakezake ndi malo akeake chifukwa fumbi la chitsulo likagwera pa aluminiyamu imayamba kudyeka. Ndiye amisiri odziwa zimenezi ndi ochepa, ola lawo ndi lodula. Ndinatuluka mmenemo nditasiya kukangana.

Ndalama si zomwe zinatipweteka kwambiri, inshuwalansi inalipira ife nkupereka excess. Chinatipweteka ndi nthawi. Nyali ija tinaidikira miyezi pafupifupi itatu. Ndi nthawi ija mafakitale amasowa ma chip a kompyuta kuchokera pa Covid, zombo zikuchedwa, nkhondo ya ku Ukraine nayo itasokoneza mawaya a magalimoto omwe ena amapangidwira kumeneko, chilichonse chokhala ndi magetsi mkati chimangoti back order, kutanthauza kuti chatha dikirani. Mustang inangokhala ku galaja itafundidwa pulasitiki, makasitomala akuimba, ine ndikubweza ma deposit.

Kalata yokonzanso inshuwalansi itafika chaka chotsatira, mtengo wa magalimoto onse atatu unakwera, wa Mustang wokha unatsala pang'ono kufika kawiri. Ndinakwiya ndithu. Ndinaimbira a broker aja ndikuti bambo, zaka zisanu takhala tikulipira osapempha kalikonse, kachipilala kamodzi kokha mpaka chilango chotere? Iwo osakweza mawu anangoti mwana wanga khala pansi, ngozi yakoyo yakuchotsera no claims discount, kutsitsiridwa mtengo kuja kwa osachita ngozi, inde, koma ngakhale ukanapanda kugunda ukanakwezeredwabe, aliyense wakwezeredwa. Anandifotokozera kuti kampani siyang'ana iwe wekha, imayang'ana gulu lonse la magalimoto a mtundu umenewo, ngozi zake zimachuluka bwanji, ngozi imodzi imadya zingati, amabedwa kangati. Ndiye zonse zitatu zinakwera nthawi imodzi. Mapatsi adula, amisiri adula, galimoto ikakhalitsa ku galaja kampani imalipiranso galimoto ina yoti mwini wake aziyendera. Magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito nawonso anakwera mtengo mu 2021 ndi 2022 chifukwa atsopano amasowa, kutanthauza kuti galimoto ikaphwanyikiratu kampani imabweza ndalama zambiri kuposa kale.

Za akuba nazo anandiuza zomwe sindimadziwa. Magalimoto a masiku ano oti kiyi amangokhala mthumba, akuba amabwera awiri, wina amaima pafupi ndi khomo la nyumba ndi kabokosi kokoka siginecha ya kiyi ali mkati, mnzake ali pa galimoto ndi kabokosi kena, galimoto imaganiza kuti mwini wake wafika nkutseguka, kuliza, basi yapita popanda kuswa galasi. Usiku womwewo ndinaitanitsa timatumba tija totchinga siginecha, makiyi onse amagona mmenemo tsopano, ndipo achimwene anagula loko wachikasu wa pa chiwongolero wooneka wachikale zedi pa galimoto yokongola koma wakuba akamuona amadziwa kuti apa pafunika thukuta.

Anthu ambiri akamva kuti inshuwalansi ya sports car ndi yodula amati eya nanga si mumathamanga. Liwiro lilimo inde sindikukana, injini yayikulu ndi dalaivala wachinyamata ndi zinthu zomwe makampani akhala akuziopa kuyambira kale. Koma liwiro silinasinthe pakati pa 2019 ndi 2023, Mustang yathu imathamanga chimodzimodzi. Chomwe chinasintha ndi mtengo wobwezeretsa galimoto mmene inalili, ndipo ine ndinazionera pa nyali imodzi.

Tinayesa zonse zochepetsera. Tinaika tracker, kachipangizo kosonyeza komwe galimoto ili, mu galimoto iliyonse, tinavomera kabokosi ka telematics kamene kamalemba liwiro, mabuleki adzidzidzi ndi nthawi yomwe galimoto ikuyenda, tinakweza excess mwakufuna kwathu, tinachepetsa makilomita a pachaka, zaka za wobwereka Mustang tinazikweza kufika 30. Kabokosi kaja kanatsitsa mtengo pang'ono koma kanatithamangitsira makasitomala ena, munthu wabwereka V8 ndiye ukumuuza kuti mkati muli kazitape, ena amangoti basi zikomo. Panalinso mkangano wa ekizozi. Achimwene anali atasintha ya GT86 kuti izilira mokoma osandiuza, ndipo chilichonse chosinthidwa pa galimoto umayenera kuuza a inshuwalansi, ukabisa tsiku la ngozi akhoza kukana kulipira. Tinakangana madzulo onse, iwo akuti ndi paipi chabe iwe, ine ndikuti paipi yomweyo idzatidyetsa galimoto yonse. Mmawa mwake ndinawapeza pansi pa galimoto akubwezeretsa yakale osandiyankhula.

Kampani ina yomwe tinafunsako inatipatsa mtengo wotsika mokopa, nditawerenga timalemba tating'ono ndinapeza kuti galasi lakutsogolo mulibemo, pomwe pa Mustang ija kuseri kwa galasi kuli kamera yofunikanso kukonzedwa ndi kompyuta galasi likasinthidwa. Ndinawafunsa, anayankha mozungulira, ndinawasiya.

Mapeto ake ndinakhala pansi ndi buku nkuwerengera galimoto iliyonse payokha, masiku omwe imatuluka, zomwe imabweretsa, zomwe imadya. MX-5 inali bwino, ndi yopepuka, injini yaying'ono, ndipo poti Mazda akhala akuipanga kuyambira 1989 ndipo pofika 2016 anali atapanga zopitirira 1 miliyoni, mapatsi ake sasowa, makaniko aliyense amaidziwa. GT86 imadzilipirira. Mustang yomwe inali nkhope ya bizinesi, yomwe ili pa chithunzi chathu cha Facebook, inkagwira ntchito pafupifupi theka la chaka kungolipirira inshuwalansi ndi ngongole yake. Ndinawaonetsa achimwene manambala, anayang'ana nthawi yayitali nkuti ndamva, koma usandiuze kuti ndikaiperekeze ine.

Tinaigulitsa kumayambiriro kwa 2024. Mwayi wake mitengo inali isanagwe kwambiri ndiye ngongole inatha, zotsala tinagulira MX-5 yachiwiri, ya mtundu watsopano uja unayamba mu 2015. Wogula Mustang anabwera ndi mwana wake wamwamuna wa zaka mwina 22, mnyamatayo maso ali pa makiyi, ine nkuwafunsa bambowo kuti a inshuwalansi mwayankhula nawo kale za mnyamatayu? Anati ayi tikaonera konko. Ndinawapatsa nambala ya a broker athu aja.

Panopa tili ndi magalimoto atatu ang'onoang'ono, phokoso lachepa, makasitomala ena anapita kwina koma omwe amabwera amabweranso. Mwezi wokonzanso inshuwalansi ukamayandikira ndimayamba kufunsa makotesheni kudakali masabata angapo, sindidikiranso kalata. Achimwene akadali ndi chithunzi cha Mustang pa foni yawo, ndipo sabata yatha ndinawapeza akuyang'ana Porsche Cayman yogulitsa pa intaneti, akuti akungoona. Ndatumiza kale nambala ya chasisi kwa a broker kuti andiuze mtengo iwo asanapite kukaiona.